Nkhope Yanga pa Kagemu ka Ahedi

Ahedi ndi ine tameta anthu m'chipinda chimodzi zaka zoposa makumi awiri, mpando wawo kumanja kwa chitseko, wanga kumanzere, galasi limodzi lalitali ndi soketi imodzi yomwe tinkalimbirana m'mawa uliwonse. Sanaphunzitsepo sukulu ayi. Dzinalo anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa munthu ukakhala pampando pawo unkamva ngati waitanidwa ku ofesi kukayankha mlandu. Sankacheza, sankaseka, ndipo ukayankha foni ali mkati mokumeta ankazimitsa mashini n'kukuyang'ana mpaka udule wekha. Ine anthu amanditcha Wailesi, ndipo chifukwa chake muchiona nokha.

Paja amati atambala awiri salira m'khola limodzi. Ife tinkaliramo ndithu, koma aliyense nyimbo yake. Iwo ankati ine ndimameta ndi pakamwa, tsitsi limangothothoka lokha chifukwa chotopa ndi nkhani zanga. Ine ndinkati iwo amameta ngati akulemba mayeso. Kunyumba kwawo ndinali ndisanapondeko, kwanga anali asanapondeko, ndipo ngakhale chipeso sitinkabwerekana.

Koma chilungamo chinenedwe, mzere ankaudziwa. Mzere ndi uja timadula ndi lezala pachipumi, m'mbali mwa makutu ndi kunkhongo, pamene tsitsi limathera. Kumeta aliyense amameta, ngakhale mkazi wako atha kukumeta ndi sizasi yodulira nsalu, koma mzere ndiwo umasiyanitsa wometa ndi wotchetcha udzu. Ahedi anayamba ntchitoyi ali mnyamata, pansi pa mtengo, ndi mashini aja ofinya ndi dzanja. Lezala yawo yopinda ankainola okha palamba wachikopa, jasi lawo loyera ankasita okha, ndipo ndi dzanja lomwelo anaphunzitsa mwana wawo wamkazi mpaka kukhala namwino. Anyamata okakwatira ankalolera kudikira pabenchi theka la tsiku kuti awadule Ahedi, mpando wanga uli pululu. Zinkandiwawa, sindibisa.

Tsiku lina masana ndinamva mashini agwa pansi. Ahedi anali asanagwetsepo chinthu, ndiye ndinatembenuka mwachangu kuti ndiwaseke mwayi usanandidutse. Ndinapeza pakamwa pawo patapotokera mbali imodzi, dzanja lamanja lili lende ngati thaulo lonyowa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Atatuluka ankayenda mokoka mwendo pang'ono, mawu ankatuluka limodzilimodzi movutikira, koma dzanja lija ndiye linali litakana, zala zitapindika ngati akubisa kanthu.

Shopuyi si yathu. Mwini wake, amene timangoti abwana, ndi munthu wamtima wabwino, kungoti mpando wopanda munthu umawadwalitsa mutu. Anandiitanira kuseri.

"Wailesi, pali wometa wina wa kutsidya kwa msewu akufuna mpando uwu," anatero abwana. "Ndamuuza adikire mpaka sukulu zitsegulire. Nthawi imeneyo anthu amadzaza mpaka panja, iwe wekha sungathe. Ikadzafika Ahedi asanagwire mashini, ndidzangolimba mtima. Ukawauze bwinobwino."

Umu ndi mmene ndinapondera kwa Ahedi koyamba. Akazi awo, amene ndimangoti alamu, anandilowetsa pabalaza. Ahedi anali pampando pafupi ndi zenera, bulangete m'miyendo, ndevu zitamera ngati munda wosiyidwa. Ndevu zimenezo ndizo zinandiuza kuti munthuyu wataya mtima. Uthenga wa abwana ndinaupereka mozungulira, koma anaumva wonse, ndipo anangoyang'ana kunja.

Alamu anandikokera kukhitchini. "Adokotala a mafizo, aja olimbitsa ziwalo, akuti zala zizigwira ntchito tsiku lililonse, makamaka chachikuluchi. Anatipatsa kampira koti azifinya, anzanuwa anakaponyera kuseri kwa mpanda. Ndiye mwana watumiza aka, akuti odwala ena kamawathandiza."

Kanali kagemu kam'manja, kotalika ngati chipeso, sikirini pakati, mabatani uku ndi uku. Alamu anakatengera pabalaza n'kukayatsa. Choyamba kutuluka pasikirini chinali kabakha kachikasu kovala chipewa, kakuvina kanyimbo ka kusukulu ya mkaka. Ahedi anayang'ana kabakhako, kenako akazi awo, kenako ine.

"Ndine... mwana?" anafunsa.

Ndikanakhala ine ndikanakwiyanso. Munthu woti akuluakulu amamuweramitsira mutu, lero azimuvinira bakha.

Pamsewu wathu, pansi pa masitepe a sitolo ya nsalu, pali kachipinda ka mayi wina wokonza mafoni, amene tonse timamutcha Injiniya. M'kachipindamo mumalowa munthu mmodzi ndi theka. Mafoni osegulidwa mimba amakhala m'timbale, tizitsulo tating'ono ngati mchenga pa maginito, ndipo mumanunkha mtovu wosungunuka. Alamu anapita kumeneko kukafunsa ngati bakha uja angachoke.

Injiniya anati si nkhani. Chithunzi choyambacho chimakhala pa kamemori kali m'mbali mwa kagemu. Amakasolola, kukaika pa laputopu, kuchepetsa chithunzi chimene ukufuna kuti chikwane pasikirini, kuchipatsa dzina lomwe lija la chakale, n'kubwezeretsa kamemori. Kagemu sikadziwa n'komwe kuti kapusitsidwa.

Alamu anasankha chithunzi cha ukwati wawo. Ahedi ali chilili mu suti, dzanja lamanja paphewa la mkwatibwi. Atawayatsira, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakavundikira kagemuko patebulo, ndipo tsiku limenelo chakudya chinabwerera kukhitchini mmene chinabwerera. Alamu anabwereranso kwa Injiniya ndi chithunzi cha mdzukulu. Apo ndiye Ahedi analira, ndipo alamu anandiuza kuti kuona mwamuna akulira ndi theka la nkhope n'chinthu chimene sangafunire ngakhale mdani.

Ulendo wachitatu ndinawaperekeza, poti anadzera kushopu atagwa mphwayi. Anakhala pakampando ka Injiniya, ine nditaima pakhomo.

"Mungobwezeretsa bakha uja, tikabweze kwa mwini wake," anatero alamu. "Chilichonse chimene amachikonda chikungowakumbutsa zimene ataya."

Injiniya sanadzutse mutu pa foni imene ankakonza. "Nanga chimene amadana nacho palibe?"

Alamu anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana, kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

"Alamu, musandiyang'ane choncho," ndinatero.

"Alamu, taimani apo pali kuwala," anayankha, poti nawonso amanditcha alamu.

Injiniya anandijambula ndi foni yake, koma choyamba anachikana. "Kumeneko n'kuseka kwa pachitupa, bambo. Sekani mmene mumasekera mnzanu akaphonya." Ndinakumbukira tsiku lina Ahedi atakhalira chipeso, ndipo kuseka kunabwera kokha. Anandijambula pafupi kwambiri moti mphuno inatenga theka la sikirini, mano onse panja mpaka lobooka lakumbuyo. Kusekako anakujambulanso mawu ake, n'kukuika m'malo mwa kanyimbo ka bakha kuti kuzibwerezabwereza. Pansi pa chibwano changa analembapo kuti: "Ahedi, mwagonja?"

Ndiye anachita chinanso chimene ine sindikanachiganiza. Chithunzi choyamba chimangooneka kanthawi n'kuchoka chokha. Iye anakonza zoti nkhope yanga isachoke mpaka munthu atadina mabatani awiri nthawi imodzi, lakumapeto kumanzere ndi lakumapeto kumanja, n'kuwagwira kwakanthawi. Ndi dzanja limodzi sungafikire onse awiri. Kabatani kozimitsira anakabisa ndi tepi yakuda. Atatha anandipatsa kagemuko kuti ndisewere mpikisano wa magalimoto, uja chala chakumanzere chimakhotetsa, chakumanja n'kumaponda moto. Ndinasewera mpaka dzina langa linakhala pamwamba pa opambana.

"Koma si nkhanza zimenezi?" anafunsa alamu, kagemu kali m'manja.

"Ine ndimangokonza, mayi," anatero Injiniya. "Amuna anuwo mukuwadziwa ndinu."

Kunena zoona, nanenso ndinali ndi mantha. Munthu wa sitiroko sasewera naye, ndipo ndinadzifunsa kuti zikavuta ndidzauza chiyani mwana wawo namwino uja, kuti bambo ake anawapweteka ndi mano anga?

Zotsatirazi ndinamva kwa alamu. M'mawa mwake anakayatsa, kukaimika pakatebulo patsogolo pa amuna awo, iwo n'kupita kukachapa. Kuseka kwanga kunadzaza nyumba. Ahedi anayesa kudina ndi dzanja lamanzere, batani lililonse, koma nkhope yanga ili pomwepo. Anakaponya pasofa. Anakavundikira ndi khushoni, koma ine ndinkasekabe pansi pa khushoniyo. Anaitana akazi awo, ndipo alamu anakuwa ali kubafa kuti, "Mabatani awiri akumapetowo, abambo, nthawi imodzi. Ine m'manja muli sopo."

Ahedi si munthu wopusa. Anayesa kudina lakumanja ndi chibwano. Anayesa kona ya tebulo. Tsiku lina alamu anawapeza atavula silipasi, akuyesa ndi chala chakuphazi. Zonsezo kagemu kankaterereka, poti mabataniwo ndi ang'ono ndipo amafuna kuwagwira ndithu. Kankangosiya kuseka batire likatha, ndipo alamu, mayi wouma mtima pa zabwino, ankakatchaja n'kukabwezera pakatebulo.

Anandiuza kuti ankasuzumira pachitseko. Anaona amuna awo akunyamula dzanja lamanja ndi lamanzere, ngati akunyamula mwana wogona, n'kuligoneka pakagemu. Anatambasula chala chachikulu, kuchiika pabatani, kenako kubwezera dzanja lamanzere kumbali yake. Chalacho chinkaterereka. Ankayambiranso, thukuta lili kamukamu, akutukwana ndi mawu ochepa amene anali nawo, ndipo onsewo ankathera pa dzina langa. Zinatenga masiku. M'mawa wina alamu ali kukhitchini anamva kuseka kwanga kwaduka pakati, nyumba yonse zii. Anathamanga poganiza kuti kagemu kaphwanyidwa, koma anapeza amuna awo atakagwira ndi manja onse awiri, akupuma ngati akwera phiri. Pasikirini panali magalimoto, ndi dzina la Wailesi pamwamba.

Masana ake batire linatha. Kuyambira pamene anatuluka m'chipatala Ahedi anali asanapemphe kanthu, ngakhale madzi. Tsiku limenelo anaitana akazi awo n'kuwapatsa kagemu.

"Tchaja," anatero.

Ndinayamba kupitako Lamlungu lililonse masana. Moni panalibe. Ndikangokhala pansi ankanditosa nako pachifuwa, kuti sewera tione. Ndinkasewera ndi mtima wonse, chifukwa munthu ngati Ahedi ukamulekerera amadziwa, ndipo sakanandikhululukira. Galimoto yawo poyamba inkayenda ngati ngolo, chala chikatopa n'kuima pakati pa msewu. Ine ndinkawauza kuti ngakhale maliro amathamanga kuposa pamenepo. Alamu ankandiponda phazi pansi pa tebulo, koma Ahedi ankangofwenthera n'kuyambiranso. Ndevu zija zinachoka. Bulangete linachoka. Zala zina zinayamba kutsatira chachikulu, poti kagemu sungakagwire ndi chala chimodzi.

Lamlungu lina ndinapeza dzina langa lili pachiwiri. Ahedi anangondionetsa sikirini pafupi ndi mphuno, mbali yabwino ya pakamwa pawo itakwera m'mwamba. Ndinakondwa, ndipo ndinakwiyanso, zonse nthawi imodzi.

"Abambo, popeza mwapambana, tikachotsetse nkhope ya alamuyi," anatero alamu. "Mdzukulu akumaiopa."

"Isiye," anatero Ahedi. Anafunafuna mawu ena mpaka anawapeza. "Mankhwala... owawa."

Komabe kudina batani si kugwira lezala, ndipo tonse tinkadziwa. Mashini anayamba kuwagwira, akuyeserera pa burashi yakale, dzanja lamanzere litachirikiza mkono wamanja. Za lezala anachita mmene timaphunzitsira ongoyamba kumene: kufufuma baluni, kuipaka thovu la sopo, n'kumachotsa thovulo ndi lezala. Dzanja likanjenjemera baluni imaphulika. Alamu anagula mabaluni paketi yathunthu, ndipo ana a nyumba yoyandikana ankawerengera kuphulikako ali kuseri kwa mpanda. Nditafunsa ngati ilipo imene inapulumuka, alamu anangopukusa mutu.

Loweruka loti sukulu zitsegulira Lolemba, Ahedi analowa m'shopu atavala jasi lawo loyera, lositidwa mpaka m'makolala. Benchi inali yodzaza, ena ataima panja. Anthu anawalonjera mwansangala, kuwagwira chanza, kuthokoza Mulungu. Ahedi anapukuta mpando wawo, kulumikiza mashini, kukutumula nsalu yofundika kasitomala, n'kuima pambali kudikira. Abwana anali atatsamira pachitseko.

Palibe anadzuka. Mwadzidzidzi aliyense anapeza chinthu chofunika pa foni yake. Anthu omwe aja ankadikira Ahedi theka la tsiku, lero anali kuyang'anitsitsa zala zakuphazi zawo. Sindingawanene kwambiri, mutu ndi umodzi ndipo mawa lake kunali kutchalitchi. Koma zinandipsetsa mtima, ndipo Ahedi anaimabe pamenepo, nsalu ili m'manja, nkhope ikuuma pang'onopang'ono.

Ndinamuuza amene ndinkamumeta kuti andidikire, ndinavula jasi langa, n'kukakhala pampando wa Ahedi. Zaka zonsezi tsitsi langa ndinkakametetsa kwina, chifukwa cha matama.

"Chepetsani m'mbali, pamwamba musiye," ndinatero. "Ndipo mufulumire, ena tili ndi ntchito."

Anandimanga nsalu pakhosi mothina kuposa mmene zimafunikira. Mashini analira. Ankayenda pang'onopang'ono, koma ankayenda, ndipo ndinkamva chala chachikulu chija chitagwira molimba. M'mbali munasalala bwinobwino. Pabenchi mafoni anayamba kutsika.

Kenako anazimitsa mashini n'kutambasula lezala. M'galasi ndinaiona ikunjenjemera ngati tsamba. Ndinafuna kulankhula, koma kwa nthawi yoyamba pamoyo wanga wailesi inasowa siteshoni. Chitsulo chinandikhudza pachipumi, chozizira. Mzere unayamba bwino, wowongoka mmene ankachitira kale, mpaka pakati. Pamenepo dzanja linadumpha. Lezala inakwera m'tsitsi pamwamba pa diso lamanzere n'kudula kanjira koonekera ngakhale uli kutsidya kwa msewu, ndipo kadontho ka magazi kanatsetsereka mpaka pansidze.



"Palibe kanthu," ndinatero. "Masiku ano achinyamata akuchita kulipira kuti awadule chonchi."

"Bodza," anatero Ahedi.

Anandipukuta ndi thonje la sipiriti, kupinda lezala, kuiika pashelefu. Anatenga mashini, kuchotsa kachipeso kakutsogolo kaja kamasiya tsitsi, n'kuyamba pachipumi kupita kunkhongo. Sanandifunse. Tsitsi langa lonse linagwera pansalu, ine ndikuyang'ana mutu umene ndinali ndisanauonepo chikulireni, ndipo si mutu woonetsa anthu. Anaumeta mpala mosamala, akubwerezabwereza kuseri kwa makutu, mpaka kanjira kaja kanasowa.

Abwana anachoka pachitseko n'kudzayendetsa chikhatho pamutu panga, uku ndi uku, ngati akugula vwende. Sanapeze pokhakhala.

"Mashini mukugwira, Ahedi," anatero motsitsa mawu. "Mpando ndi wanu. Koma lezala ayi. Mizere ndi ndevu azimaliza Wailesi."

Ndinadzuka pampandopo osawayang'ana Ahedi kumaso. Mumtima ndinadziwa kuti avula jasi n'kumapita, chifukwa Ahedi wopanda mzere ndi ndani? Anayang'ana dzanja lawo. Kenako anakutumula nsalu, tsitsi langa n'kuwazikira pansi, n'kuloza dalaivala wina wa takisi amene anali kumapeto kwa benchi, kasitomala wawo wakalekale. Bamboyo anadzuka monyinyirika.

Ine ndinabwerera kwa munthu wanga, khutu lili kumbali. Mashini awo analira, analira, kenako anazima. Mutu unali utatha bwino, kutangotsala mzere. Ahedi anaima kumbuyo kwa dalaivalayo. Ndinawaona m'galasi akutenga lezala ija pashelefu, akuitembenuza m'manja.

"Wailesi."

"Ee, Ahedi."

"Mzere."

Ananditambasulira lezala yawo, chogwirira chili kwa ine. Ndinailandira ndi manja awiri. Ndinkayembekeza kuti aima paphewa panga kuti aone pamene ndilakwitse, ndipo ndikanakonda zikanatero. M'malo mwake anapita pakona n'kutenga tsache.

Mpaka lero timagwira choncho. Akamaliza mutu amatchula dzina langa, ine n'kusiya zimene ndikuchita. Ndikamadula mzere pampando wawo iwo amasesa, atafulatira galasi, ngakhale pansi patakhala poyera, ndipo satembenuka mpaka atamva lezala yapindidwa.